ICAM, CIA, CFE kaya STEP: pepala liti kwa amene akufuna kumayendera osunga ndalama za eni ake?

Ndalama ya penshoni si ya kampani imene ikuisunga. Masheya a mamembala mu SACCO si a tcheyamani, ndipo ndalama imene bambo anasiyira ana ake ang'onoang'ono si ya m'bale amene anasankhidwa kuiyang'anira. Onsewa ndi osungira chabe, ndiye pamwamba pawo pamayenera kubwera munthu wina ndi chikwama chake, kukhala pansi, kutsegula mabuku nkufunsa kuti ndalama ya eni akeyi ili pati. Ntchito imeneyi ndi imene ena kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota ayamba kuisirira, makamaka amene atha zaka akuwerengera ndalama m'ma SACCO, m'mabungwe a alimi a nzimbe cha ku Dwangwa, ku khonsolo kapena pa kauntala ya banki pa Kamuzu Road, ndipo akufuna afike pokhala woyendera wamkulu, uja amatsogolera timu nkusaina lipoti. Funso lawo ndi limodzi, ndilembe pepala liti?

Ku America iliko satifiketi yeniyeni ya ntchito imeneyi. Bungwe la CSBS, lomwe limasonkhanitsa oyang'anira mabanki a m'ma state, limapereka mapepala kwa oyendera ma trust (chuma chimene wina, wotchedwa trustee, amasungira eni ake), mpaka la amene afika pa usiniya. Koma limenelo ndi la anthu olembedwa kale ntchito m'maofesi amenewo, oyendera makampani a konko pa malamulo a konko. Inu wa pa Khombedza simungalilembe olo mutakhala ndi madola odzaza thumba, ndiye wina akakutumizirani meseji pa WhatsApp kuti akuthandizani kulipeza, sungani ndalama yanu.

Kuno kwathu mphamvu yoyendera sichokera pa satifiketi, imachokera ku lamulo. Financial Services Act ya 2010 inaika Gavanala wa Reserve Bank of Malawi kukhala Registrar of Financial Institutions, ndipo pansi pa ofesi imeneyo ndi pamene pali mabanki, makampani a inshuwalansi, mathumba a penshoni ndi ma SACCO. Ma SACCO ali ndi lamulo lawo, Financial Cooperatives Act ya 2011, penshoni inali ndi lamulo la 2011 lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2023, pomwe chuma cha masiye chimayendera Deceased Estates Act ya 2011 ndi maofesi ngati a Administrator General ndi a DC. Pepala lililonse lomwe ndikambe apa silikupatsani chilolezo chotsegula mabuku a munthu ayi. Limangokulowetsani mu intavyu, ndipo ngati mwasankha bwino limakutsegulani maso mukafika pa tebulo.

Muyeso wake

Choyamba ndi mtengo, ndipo funso lenileni si lakuti ndi zingati koma lakuti ndi ndalama yanji. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Amene anali pakati pa mayeso akunja amakumbukira. Kuonjezera apo olo kwacha muli nayo, kuti banki ikupatseni forex kapena khadi yanu ya Visa ilole kulipira ndi nkhani inanso.

Chachiwiri ndi kupezeka: amalola ndani kulemba, amalembera kuti, aphunzitsi alipo? Chachitatu, chomwe anthu amachiiwala kwambiri, ndi kulisamala pepalalo mukalipeza. Pepala lakunja lili ngati injini ya boti, kugula ndi kamodzi koma mafuta ndi ulendo uliwonse, chaka chilichonse pali fizi ya umembala ndi maola a maphunziro oonjezera amene amati CPD, mukalephera amakuimitsani ndipo zilembo zija kutsogolo kwa dzina simuloledwanso kuzigwiritsa ntchito. Chachinayi ndi ngozi yake.

Pamwamba pa zinayizi ine ndimafunsanso ngati pepalalo limaphunzitsa kuona pamene ndalama ya eni ake imathawira. Taganizani mlonda wa pa loji ina ku Senga Bay. Pa peyisilipi yake mwezi uliwonse pakuoneka 5 peresenti yadulidwa ya penshoni, bwana akuyenera kuonjezerapo 10 peresenti nkutumiza zonse. Sitetimenti yochokera ku kampani ya penshoni ikubwera, miyezi ingapo ili gwaa yopanda kanthu. Mabuku a kampani ya penshoni ndi oyera bwinobwino chifukwa iwo analemba zimene analandira. Woyendera wabwino ndi amene amaika shedyulo ya odulidwa pambali pa sitetimenti ya banki, mzere ndi mzere, kenako nkupempha maminitsi a ma trustee kuti aone ngati anakambiranapo za olemba ntchito osatumiza ndalama, ndipo ngati anakambirana anachitapo chani. Si pepala lililonse lomwe limakufikitsa pa funso lomalizali.

ICAM (Institute of Chartered Accountants in Malawi), pepala la CA (Chartered Accountant) la kuno kwathu

Mtengo: mumalipira m'makwacha, basi mfundo yake yaikulu ndi imeneyo. Fizi imakwera ndithu koma simudzuka m'mawa nkupeza kuti yakwera pafupifupi theka chifukwa cha chilengezo cha usiku.

Kupezeka: ICAM inabwera ndi Public Accountants and Auditors Act ya 2013, ndipo njira yake ili ndi makwerero, wina atha kuyambira pa dipuloma ya Technician nkumakwera mpaka CA. Makalasi ali m'matauni, monga ku Malawi College of Accountancy ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndiye wa ku Salima amene akufuna kalasi ya wikendi akonzekere ma Sienta a pa M14, makilomita pafupifupi 100 kupita kokha. Wa ku Nkhotakota ulendo wake ndi wautali kuposa apo.

Kulisamala: umembala wa pachaka ndi CPD, zonse m'makwacha, ndipo maphunziro ake amachitikira konkuno.

Ngozi: ndi pepala la akauntanti, osati la woyendera. Limakuphunzitsani misonkho ya Malawi ndi malamulo a makampani a Malawi zomwe akunja sangakupatseni mokwanira, koma za udindo wa trustee limangodutsapo. Ndipo limatenga zaka, anthu ambiri amayamba ndi moto nkuthera pakati ana akayamba sekondale.

ACCA

ACCA ndi pepala la ukauntanti lochokera ku Britain.

Mtengo: mapaundi. Kulembetsa, fizi ya pachaka imene imafunika pofika 1 January, nthawi yomweyo ya feteleza ndi fizi ya ana, kenako pepala lililonse palokha. Olo akuchotsereni mapepala ena chifukwa cha digiri yanu, ochotsedwawo mumawalipirabe.

Kupezeka: pakadali pano ndi mapepala 13, kuphatikizapo phunziro la makhalidwe a pantchito ndi miyezi 36 yogwira ntchito yoyenera. Mapepala akuluakulu amalembedwa kanayi pachaka, March, June, September ndi December. Aphunzitsi ndi mabuku akale ndi osavuta kupeza chifukwa Amalawi ambiri anadutsa njira imeneyi.

Kulisamala: umembala m'mapaundi ndi mayunitsi 40 a CPD pachaka, ndipo kuti mugwire ntchito ya ukauntanti m'dziko muno mudzalowabe ICAM, ndiye mabungwe awiri akudya m'thumba limodzi.

Ngozi: mapepala a gawo lomaliza amatha mphamvu pakapita zaka 7 ngati simunamalize onse, forex ikakutsekerani pakati mutha kutaya zomwe munakhoza kale. Ubwino wake ndi woti limadziwika kunja, koma ngati maloto anu ndi kuyendera ma SACCO a m'mbali mwa nyanja muno, mukulipira kutchuka komwe simudzakugwiritsa ntchito.

CIA (Certified Internal Auditor), ya ma internal odita

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa mwa mapepala onse amene munthu wamba atha kulemba yekha, ili ndi limene kaganizidwe kake kali pafupi kwambiri ndi ka woyendera. Akauntanti amafunsa ngati manambala akugwirizana. Internal odita amafunsa kuti ndani amaloleza kutulutsa ndalama, ndani amasunga makiyi, bwanji munthu m'modzi yemweyo ndi amene amalemba vocha nkusainanso cheke, bodi imalandira lipoti lanji ndipo imaliwerenga? Mu SACCO ngongole yaikulu ikapita kwa mlamu wa tcheyamani popanda chikole, manambala amabalansa bwinobwino, chimene chavunda ndi ndondomeko, ndipo CIA imakuphunzitsa kununkhiza zimenezo.

Mtengo: madola, fizi yofunsira kenako magawo atatu lililonse palokha. Mamembala a IIA, bungwe lomwe limapereka CIA, amalipira motsikirapo, ndipo IIA Malawi ilipo, ndiye yambani mwalowa kaye umembala musanalipire mayeso. Zonse pamodzi ndi zochepa poyerekeza ndi ulendo wonse wa ACCA chifukwa mayeso ndi atatu okha.

Kupezeka: gawo loyamba ndi mafunso 125, enawo 100 lililonse, onse osankha yankho pa kompyuta kudzera ku Pearson VUE, kampani yoyendetsa malo olembera mayeso, ndiye ulendo wa ku tauni ulipo. Wa digiri amafunika zaka 2 za ntchito ya odita kapena yofanana nayo, wa masters chaka chimodzi, wopanda digiri ali nayo njira koma imafuna zaka zambiri za ntchito. Amene ali kale membala wa ACCA ayang'ane Challenge Exam, mayeso amodzi m'malo mwa atatu, imatsegulidwa nthawi ndi nthawi. Chenjerani ndi mabuku obwereka: miyezo yatsopano ya IIA inayamba kugwira ntchito mu January 2025 ndipo silabasi inasintha nayo, manotsi ofotokopa a mnzanu amene analemba 2022 akusocheretsani.

Kulisamala: maola 40 a maphunziro pachaka kwa amene akugwira ntchito, 2 mwa amenewo a makhalidwe, ndi kafizi kolembetsa maolawo. Maola ambiri mutha kuwapeza pa misonkhano ya konkuno ndi pa intaneti.

Ngozi: mukalembetsa mumapatsidwa zaka 3 kuti mumalize, zikadutsa zomwe munakhoza zimapita. Mafunso ake ndi aja mayankho onse anayi amaoneka olondola, wongoloweza pamtima amagwa. Komanso CIA siyikuuzani kalikonse za malamulo a penshoni kapena a trust a Malawi, amenewo mudzawerenga nokha. Ndipo internal odita amagwira ntchito mkati mwa bungwe ngati mlangizi, pomwe woyendera amachokera kunja ndi ndodo ya lamulo, kalankhulidwe kake nkosiyana ndipo kameneko mumakaphunzirira pantchito.

CFE, ya ofufuza zachinyengo

Chichitikireni Cashgate mu 2013 mawu oti forensic anatchuka kwambiri muno, ndipo CFE inakwera nawo. Imaperekedwa ndi ACFE ya ku Austin, Texas, yomwe inayamba mu 1988.

Mtengo: madola, ndipo chodula kwenikweni si mayeso koma kosi yokonzekera, chifukwa ambiri amadalira ya ACFE yomweyo. Umembala ndi wokakamiza musanalembe.

Kupezeka: amawerengera mapointi kuchokera ku sukulu ndi ntchito, ndipo kuti akupatseni satifiketi pamafunika zaka 2 za ntchito yokhudzana ndi kupewa kapena kufufuza chinyengo. Kuwerenga ndi kwa pa laputopu, kutanthauza bandulo ndi magetsi. Ngati mwasankha kulembera kunyumba pa kamera, musayese ndi netiweki ya pafoni mu October magetsi akuthimathima, chipinda chikhale chotseka, mwana asalowe, laputopu ikhale yodzadza ndipo pakhale pogwira pena ikadula.

Kulisamala: maola 20 pachaka, 10 okhudza chinyengo mwachindunji ndi 2 a makhalidwe, kuphatikiza umembala.

Ngozi: imakupanga wapolisi m'maganizo. Imathandiza zedi pamene ndalama ya ana amasiye yatuluka ndi siginecha yokayikitsa ndipo mukufuna kudziwa mmene mungafunsire munthu mafunso ndi kusunga umboni kuti usakagwe ku khoti, koma kuyendera kwambiri si kugwira akuba. Nthawi zambiri palibe amene waba, angoika ndalama zonse za mamembala pa nyumba imodzi yosapeza alendi. Payokha CFE ndi yopyapyala pa mpando wa usiniya, imakoma ikakhala yachiwiri.

CAMS

CAMS ndi pepala la olimbana ndi kutsuka ndalama zakuba, limaperekedwa ndi bungwe la ACAMS.

Mtengo: wokwera ndithu pa mayeso amodzi okha a mafunso 120, m'madola, ndi umembala wa ACAMS pamwamba.

Kupezeka: yachangu, munthu wolimbikira amamaliza m'miyezi yochepa.

Kulisamala: mumaikonzanso zaka 3 zilizonse ndi makirediti 60, umembala usaduke.

Ngozi: ndi yopapatiza, nkhani yake ndi imodzi, kutsuka ndalama zakuba. Koma pa ma trust nkhani imeneyi ndi yamoyo, chifukwa trust ndi malo abwino obisalapo, dzina lili pa pepala ndi la trustee pomwe wodya phindu ndi wina. Mfundo nambala 25 ya FATF, bungwe lapadziko lonse loika miyezo yolimbana ndi kutsuka ndalama, imakamba zimenezi ndendende, ndipo kuno Financial Crimes Act ya 2017 ndi Financial Intelligence Authority zinapangitsa kuti mabanki azifuna anthu odziwa izi. Ngati abwana sakulipirirani, ganizani kawiri.

STEP

Ili ndiye pepala lokhalo pa mndandandawu lomwe mutu wake ndi trust yeniyeniyo: trustee ndi ndani, amaloledwa chani, bwanji saloledwa kusakaniza ndalama yake ndi ya eni ake kapena kudzigulitsa yekha katundu amene akusungira ena, wodya phindu ali ndi ufulu wanji wofunsa mabuku. STEP ndi bungwe la akatswiri a ma trust ndi chuma cha masiye, likulu lake lili ku London, linayamba mu 1991 ndipo omaliza amalemba TEP pa dzina. Popeza malamulo athu a trust anachokera ku malamulo a ku England, zambiri zimalowa bwino, olo pa mabungwe ndi mipingo yolembetsedwa pansi pa Trustees Incorporation Act.

Mtengo: mapaundi, pepala lililonse la dipuloma ndi lodula. Kupezeka: kuwerenga kwa patali, kuno mudzakhala nokhanokha popanda gulu lokambirana nalo. Kulisamala: umembala ndi CPD chaka ndi chaka, m'mapaundi momwemo.

Ngozi: linapangidwira maloya ndi osamalira chuma cha mabanja olemera, zitsanzo zake ndi za ku Jersey ndi misonkho ya kunja, osati munda wa mpunga ku Lifuwu umene ana a mayi wamkulu ndi a mayi wamng'ono akulimbirana. Ndipo pa intavyu mutha kutha mphindi zanu mukufotokozera panelo kuti TEP ndi chani.

CFA

CFA ndi ya akatswiri oika ndalama pa malonda, ndiidutsa mwachangu chifukwa ndi ya ochepa. Mtengo ndi madola ambiri pa magawo atatu. Kupezeka, mayeso ake ndi ovuta kwambiri, maola pafupifupi 300 owerenga pa gawo lililonse, kenako maola 4,000 a ntchito yokhudza kuika ndalama pa malonda, zomwe ku Salima simungazipeze mophweka. Kulisamala ndi umembala wa pachaka. Ngozi yake ndi kutha zaka mukuphunzira misika ya ku New York pomwe thumba la penshoni lomwe mudzayendere laika ndalama pa ma Treasury bill, masheya a pa Malawi Stock Exchange ndi nyumba za maofesi. Ndi yothandiza kwa m'modzi pa timu, uja amafunsa ngati mtengo umene alemba pa nyumba ndi woona.

Maphunziro a mkati mwa oyang'anira

Zoona zake nzakuti luso lenileni la woyendera limaphunzitsidwa m'maphunziro amenewa. MEFMI ya ku Harare, bungwe lophunzitsa ogwira ntchito m'mabanki aakulu ndi maunduna a zachuma, komwe Malawi ndi membala, ili ndi makosi ndi pulogalamu ya ma Fellow, East AFRITAC ya IMF ku Dar es Salaam imaphunzitsanso oyang'anira athu, pali FSI Connect ya BIS (banki ya mabanki aakulu) pa intaneti, pali Toronto Centre ya ku Canada. Kumeneko ndi kumene mumaphunzira kuyendera motsata ngozi, kupereka magiredi kwa bungwe, kulemba lipoti loti bodi isathe kulizemba.

Mtengo nthawi zambiri amalipira abwana. Kupezeka ndiye vuto lake, khomo limatsegukira amene ali kale ku Reserve Bank kapena ofesi ina ya boma yoyenera ndipo amachita kusankhidwa. Kulisamala sikukudyerani m'thumba. Ngozi ndi yakuti ena amasainitsa bondi yoti mugwire zaka zakuti musanachoke, ndipo masatifiketi ambiri a mawekishopu ndi ongosonyeza kuti munalipo, mukatuluka m'boma msika suwawerengera ngati CIA kapena CA. Tonse timawaona anthu akutsika m'mabasi ku Senga Bay Lolemba ndi zikwama za wekishopu, pofika Lachisanu aliyense ali ndi satifiketi, foda yodzadza ndi amenewo siilowa m'malo mwa mayeso.

Ndiye inu mutenge iti?

Ngati mulibe pepala lililonse la akaunti, mwina muli ndi dipuloma ndipo mukugwira mu SACCO kapena ku bungwe la alimi, yambani ndi ICAM. Musathamangire zilembo zakunja musanathe kuwerenga balansi shiti mwa inu nokha, ndipo ndalama yake ndi yoti mutha kuipanga bajeti.

Ngati muli kale ndi CA kapena ACCA ndipo diso lili pa ntchito yoyendera, onjezerani CIA, wa ACCA adikire Challenge Exam. Kwa ine kuphatikiza kumeneku ndiye kolimba kuposa kwina kulikonse pa ndalama imene mutulutse.

Wa digiri amene ali kale internal odita ku khonsolo, ku esiteti kapena ku projekiti, apite molunjika ku CIA, palibe chifukwa choyambiranso mapepala 13.

Ngati ntchito yanu ndi madandaulo, ndalama zosowa, mafayilo a chuma cha masiye amene mapepala ena anachotsedwamo, CFE ikupatsani zida, bola pansi pake pakhale pepala lina. Wa ku banki amene ali ku compliance, gawo loonetsetsa kuti banki ikutsata malamulo, apemphe abwana amulipirire CAMS. Loya kapena amene akufuna kukhazikika pa ma trustee a penshoni ndi mawilo, ndipo ali ndi pomwe mapaundi azichokera chaka ndi chaka, STEP ndi yake. CFA isiyireni amene akupita ku mbali ya ma investment.

Amene mwalowa kale ku Reserve Bank, limbanani kuti dzina lanu lizipezeka pa mndandanda wa MEFMI ndi enawo, koma lembaninso pepala limodzi lomwe ndi lanulanu, loti mudzatuluka nalo.

Ndipo akuluakulu amene munasankhidwa pa AGM kukhala mu komiti yoyang'anira SACCO yanu ku Chipoka kapena ku Benga, simukufunika lililonse mwa mapepala awa. Funsani maphunziro a MUSCCO, bungwe lalikulu la ma SACCO, pezani kope la Financial Cooperatives Act ndi malamulo a SACCO yanu, ndipo mwezi uliwonse muziitanitsa sitetimenti ya banki yochokera ku banki kwenikweniko, osati yosindikiza manejala, muziifananiza ndi kashibuku pamodzi ndi mndandanda wa ngongole za mamembala a bodi ndi abale awo.